Ndinalasa gwape n'kumuthamangira, mlenje wamkulu anandidzudzula: ndinalakwa pati?

Funso

Ndine Mmalawi wokhala ku Scotland, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri chiyambireni kusaka nyama zimene kuno amati roe deer. Mu Novembala ndinapita kuthengo ndi mlenje wina wachikulire amene amandiphunzitsa, iye n'kukhala pa nsanja ina chapatali. Ndinawombera yaikazi pa mtunda wa mamita pafupifupi 140, inapinda msana n'kulowa m'nkhalango, ine n'kuithamangira nthawi yomweyo. Ndinaidzutsa kawiri mkuluyo asanafike, mdima unagwa, ndipo inapezeka m'mawa mwake ndi galu itafa kale, nyama yake itawonongeka. Mkuluyo anandiyankhula mawu owawa pamaso pa anzathu awiri, moti kuchokera tsiku limenelo sindinamuimbirenso foni. Kodi kulakwa kwanga kunali kwakukulu motero? Komanso ndili ndi mnzanga amene wangoyamba kumene, ndimaona zimene akulakwitsa, koma ndikuopa kumukhumudwitsa monga ndinakhumudwira ine.

Yankho

Achimwene, ndayamikira kuti nkhaniyi mwaifotokoza monga inachitikira, osabisa mbali imene ikukuchititsani manyazi, chifukwa alenje ambiri akamasimba za nyama imene inawapulumuka amayamba ndi kuda mphepo, mfuti kapena zipolopolo, ndipo iwo eni amafika kumapeto kwa nkhani ali oyera. Ndikuyankhani mosapita m'mbali. Munalakwadi, ndipo zolakwa zanu zinali ziwiri zosiyana kulemera kwake. Choyamba n'chakuti chipolopolo chinagwera kumbuyo kwa malo oyenera, ndipo zimenezi zimagwera aliyense amene wasaka kwa nthawi yaitali, ngakhale akatswiri amene amalipidwa pa ntchitoyi. Chachiwiri n'chakuti munaithamangira nyamayo, ndipo apa ndi pamene vuto limene likanatha m'maola ochepa linasanduka usiku wa ululu kwa nyama ndi kutayika kwa ndiwo. Ndikukhulupirira kuti chimene chinamupsetsa mtima mkuluyo ndi chachiwirichi, ngakhale kuti inu mwina munamva ngati akunyoza luso lanu la kuwombera.

M'yankho lino nyamayi ndiziitchula kuti gwape pofuna kufupikitsa, ngakhale si gwape wa kwathu. Nyama za mtundu wa deer zimathothoka nyanga chaka ndi chaka n'kumera zina, pamene agwape, mbawala ndi nswala za kwathu zimakhala ndi nyanga zomwezo moyo wonse, ndipo kusiyana kumeneku tikumana nakonso tikafika pa nkhani ya mnzanuyo.

Sindikudabwa kuti miyendo inakunyamulani mutu usanaganize. Ambiri a ife tinaphunzira kusaka tili anyamata, m'chilimwe tchire litapsa, tili ndi agalu, zibonga ndi nthungo, ndipo pa uzimba wotero nyama ikavulala aliyense amadziwa kuti sayenera kuipatsa mpata wopuma. Nzeru imeneyo ndi yoona kumene inabadwira, pakuti pamakhala agalu othamanga kuposa nyama yovulala ndi khamu la anthu otchinga njira zonse. Munthu mmodzi wonyamula mfuti m'nkhalango ya mitengo ya spruce yothinana, dzuwa la Novembala likulowa cha m'ma 4 koloko, alibe agalu otero ndipo alibe omutchingira. Chimene ali nacho ndi chakuti nyamayo sinamuone ndipo sikudziwa kumene kwachokera chimene chaipweteka, ndipo akangothamanga, mwayi umodzi wokhawo wautaya.

Tiyeni tione chimene chinachitika m'thupi la nyamayo. Malo amene timalunjika ndi pachifuwa, pamene pali mtima ndi mapapo, potsata mzere wa kumbuyo kwa mwendo wamwamba n'kukwera mpaka pafupi ndi theka la thupi, nyama itaima chopingasa. Gwape wa mtundu wa roe ndi wamng'ono, wamkulu amalemera makilogalamu a pakati pa 20 ndi 30, kotero malo amenewa saposa kambale ka ndiwo kukula kwake, ndipo kuseri kwake komweko kuli chiwindi ndi chifu. Chipolopolo chikapatuka ndi chikhatho chimodzi chokha, chalowa m'mimba. Nyama yolasidwa mu mtima kawirikawiri imadumpha, n'kuthamanga mwaliwiro mutu uli pansi mamita 50 kapena 100, kenaka n'kugwa yakufa. Yolasidwa m'mimba imachita zimene munaonazo: imapinda msana, imachoka mosafulumira, ndipo ikapanda kuona munthu imakagona pa malo obisika oyamba amene yapeza, amene nthawi zambiri amakhala pafupi. Ikasiyidwa pamenepo imafooka, thupi limauma, ndipo imafera pomwepo kapena imalephera kudzuka mlenje akafika kudzaimaliza. Koma ikadzidzimutsidwa bala likadali laliwisi, mantha amaipatsa mphamvu zopita kutali kwambiri, ndipo choipitsitsa n'chakuti bala la m'mimba silitaya magazi ambiri kunja, popeza mafuta ndi matumbo zimatseka kabowo. Nthawi ziwiri zimene munaidzutsa, munatalikitsa njira yake pamene zizindikiro zoitsatira zinkacheperachepera.

Chimene chinkafunika mfuti itangolira ndi kukhala pomwepo. Mumalowetsa chipolopolo china msanga, diso osalichotsa pa galasi la mfuti, ndipo ngati nyama yovulalayo ikuonekabe ndipo kumbuyo kwake kuli nthaka yoti igwire chipolopolo, mumaiwomberanso osazengereza, ngakhale itaima moipa, chifukwa panthawiyo nkhani ya kusunga ndiwo yatha, yatsala ya kufupikitsa ululu. Izi zimafunika ngakhale nyama itagwa ngati thumba, pakuti chipolopolo chongokhudza fupa la msana chimaigwetsa kwa kanthawi, kenaka imadzuka n'kuthawa mlenje akujambula chithunzi. Nyama ikalowa m'nkhalango, mumaloweza malo atatu musanasunthe phazi: pamene mwaima inu, pamene inaima nyama, ndi pamene munaionera komaliza, pogwiritsa ntchito mtengo, mwala kapena chitsa chimene mudzachizindikire mukafika. Pamene munaima mumasiyapo chipewa kapena ndodo zotsamizira mfuti, chifukwa tchire limasintha maonekedwe munthu akangoyenda mamita makumi awiri. Mukadikira mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mumapita mwakachetechete pamene inaima nyama, osati kumene inathawira, n'kuwerenga zimene zili pansi. Magazi ofiira moyererako okhala ndi thovu ndi a m'mapapo, ndipo nyamayo ili pafupi itafa. Magazi oderako, olemera, ndi a chiwindi. Madzi obiriwira kapena a bulauni okhala ndi tizidutswa ta udzu ndi fungo la chifu amanena kuti mwalasa m'mimba. Tizidutswa ta fupa losalala ngati chitoliro ndi ta mwendo, ndipo mano kapena malovu a magazi ndi a chibwano, limene ndi bala loipa kuposa onse chifukwa nyama imathamanga bwinobwino koma singathenso kudya.

Mukanafika pamalo pamenepo n'kuona zobiriwira, njira yoyenera inali kubwerera m'mbuyo, kumuitana mkuluyo, ndi kudikira maola angapo. Anthu a agalu otsata nyama zovulala amakonda kunena kuti bala la m'mimba lisiyidwe maola osachepera anayi. Ndikudziwa kuti kuima chilili nyama ikuvutika m'tchire kumaoneka ngati nkhanza, ndipo mtima wabwino umene uli mwa inu ndi umene unakuthamangitsani, koma apa kuthamanga sikufika. Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Munthu akamayendayenda m'tchire kufunafuna, nsapato zake zimaponda magazi ndi fungo n'kuzimwaza mbali zonse, moti galu akafika amapeza njira khumi m'malo mwa imodzi. Agalu ophunzitsidwa ntchitoyi, monga a mtundu wa Bavarian mountain hound ndi Hanoverian, amatha kutsata njira imene yagonera usiku wonse, ndipo kuno kuli anthu odzipereka, monga a gulu la UK Deer Track and Recovery, amene amabwera ndi agalu otero akaitanidwa. Nambala ya munthu wa galu iyenera kukhala m'foni mwanu musanatuluke m'nyumba. Kumbukiraninso malire a malo. Ufulu woyenda pa malo a eni umene lamulo la Land Reform (Scotland) Act la 2003 limapereka sukhudza kusaka, kotero nyama yovulala ikawoloka mpanda kulowa kwa mwini wina, simungaitsatire ndi mfuti popanda chilolezo chake, ndipo nyama yothamangitsidwa ndi imene imawoloka mipanda.

Za kuwombera kwenikweniko, sindinganene kuti mamita 140 ndi mtunda wosayenera, chifukwa mfuti ya .243 kapena .308 (manambalawa amanena kukula kwa chipolopolo) yoyesedwa bwino imafika pamenepo popanda vuto. Funso ndi lakuti inu munali mutayesapo kangati kuwombera mtunda umenewo pa chandamale, mutakhala monga munakhalira tsikulo, ndi zovala zochindikala zomwezo, manja atazizira. Mayeso a DSC1, satifiketi yoyamba ya ulenje wa nyamazi imene alenje ambiri kuno amalembera, ankafuna kuti zipolopolo zitatu zilowe m'bwalo la mainchesi anayi pa mtunda wa mamita 100, koma pamenepo chandamale sichiyenda, kuwala kumakhala kokwanira ndipo mtima sugunda monga umagundira nyama ikatulukira. Zimene zimabweza chipolopolo kumbuyo ndi zodziwika. Nyama imaponya phazi kutsogolo pamene chala chikukoka, kapena imakhala itapendekeka kuloza kwa inu pamene inu mukuiona ngati yaima chopingasa, kotero chipolopolo cholowa pabwino chimatulukira m'mimba. Nthawi zina mphepo yopingasa imachikankha, nthawi zina galasi linagundidwa m'galimoto, ndipo nthawi zambiri ndi chala chimene chimakoka mwadzidzidzi chifukwa munthu akuopa kuti nyama ichoka. Simungadziwe chimene chinachitika pa zimenezi mukapanda kubwerera ku chandamale ndi mfuti yomweyo ndi zipolopolo zomwezo. Zikalowa pakati, ndiye kuti vuto linali kwa inu, ndipo zimenezo n'zosavuta kukonza kusiyana ndi mmene mukuganizira.

Tsopano za mawu a mkuluyo. Ndikupemphani musiyanitse zimene ananena ndi mmene anazinenera. Mmene anazinenera sindikugwirizana namo. Kudzudzula munthu pagulu kuli ndi malo ake pa ntchito ya mfuti, ndipo ndifikapo, koma nkhani yanu inali itachitika kale, panalibe moyo wa munthu umene unali pangozi, kotero akanatha kukutengerani pambali. Ife tinazolowera kuti wamkulu akafuna kukonza munthu wamkulu mnzake amazungulira, amaponya mwambi, amatchula nkhani ya munthu wina, ndipo wolakwayo amadzimvera yekha ulemu wake uli wosasweka. Alenje ambiri achikulire a kuno salankhula motero, amangolasa mawu n'kupitiriza ntchito, ndipo mawa lake amakhala ataiwala pamene inu mukubwerezabe mawu aja mumtima. Koma taganiziraninso zimene iye ananyamula usiku umenewo. Chilolezo chosaka pa malopo chili m'dzina lake, ndipo chimapezeka movutikira ndi kutayika mosavuta, moti munthu woyenda ndi galu wake akanapeza nyama yovulalayo m'mawa n'kukadandaula kwa mwini malo, woyankha akanakhala iye. Ndiye anakubweretsani, ndiye anaitana wa galu, ndipo mwina ankadziimbanso mlandu kuti anakusiyani nokha pa nsanja asanakuphunzitseni zoyenera kuchita mfuti ikalira. Mkwiyo wa mphunzitsi nthawi zambiri umakhala ndi gawo limene akudzikwiyira yekha. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa ulenje ndaona kuti mlenje amene wataya nawe chikhulupiriro sakutsina n'komwe, amangoleka kukuitana.

Inenso ndinapitamo, ndipo yanga inali yoipa kuposa yanu. Zaka zapitazo, pa esiteti ina ya kumapiri a kumpoto, ndinawombera yaikazi ya mtundu wa red deer, umene ndi waukulu kuposa roe, nditangokwera chitunda, ndikupumabe wefuwefu. Mfuti ikulira ndinadziwa kuti dzanja lakoka, koma mlenje amene ndinali naye, yemwe sanaone bwino chifukwa cha mwala umene unamutchinga, atandifunsa ndinayankha kuti chalowa pachifuwa. Iye anakhulupirira mawu anga, anadikira pang'ono chabe monga timachitira ndi nyama yolasidwa mu mtima, n'kupita molunjika, ndipo nyamayo inadzuka n'kutsikira chigwa china. Tinaipeza patapita maola ambiri. Sanandikalipire, anangondiuza kuti iye amakonza zochita potengera zimene wowombera wanena, kotero bodza langa ndi limene linayendetsa nyamayo mtunda wonse uja. Kuchokera pamenepo, aliyense amene ndikupita naye ndimamuuza tisanatsike m'galimoto kuti akawombera ndidzamufunsa mafunso anayi: nyama inaima bwanji, mzere wa m'galasi unali pati pamene mfuti inalira, nyama inachita chiyani, ndipo inalowera kuti. Yankho lakuti sindinaone bwino ndimalilandira ndi manja awiri, chifukwa limandiuza kuti ndichite ngati bala ndi loipa.

Kulandira malangizo sikutanthauza kumeza chilichonse chimene wa imvi wanena. Pakati pa alenje pamayenda nzeru zambiri zimene zimangobwerezedwa chifukwa zinanenedwa ndi munthu wodziwika. Mudzamva wina akukulimbikitsani kuti muziwombera kumutu kuti ndiwo isawonongeke, osakuuzani kuti ubongo wa gwape ndi waung'ono, mutu sukhazikika, ndipo kuphonya pang'ono kumathyola chibwano. Mudzamva wina akudzitama ndi mamita 300 osatchula zimene zinapita zovulala. Njira yoyesera langizo ndi kufunsa chifukwa chake mwaulemu, pakuti amene akudziwa amakondwa kufotokoza, pamene wongobwereza amakwiya kapena kusintha nkhani. Pa nkhani za malamulo musadalire chikumbumtima cha munthu, ngakhale wamkulu, chifukwa malamulo amasiyana malo ndi malo ndipo amasintha. Ku Scotland roe amaloledwa kuwomberedwa ndi mfuti zing'onozing'ono monga .222 ndi .223, bola chipolopolo chikhale cholemera magireni osachepera 50 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) ndi champhamvu yokwanira, pamene ku England ndi Wales nyama yomweyo imafuna mfuti yosachepera .240. Nyengo yosaka roe yaikazi ku Scotland imayamba pa 21 Okutobala kufika pa 31 Malichi, pamene ku England imayamba pa 1 Novembala. Kuyambira mu Okutobala 2023, ku Scotland kulibenso nyengo yoletsa kusaka zazimuna, koma ku England ilipo. Zimenezi muzitsimikiza kwa NatureScot, bungwe la boma loona zachilengedwe ku Scotland, kapena British Deer Society, bungwe loona za nyamazi. Chenjeraninso ndi makanema a pa YouTube, popeza ambiri ndi a ku America, kumene nyama yake ndi white-tailed deer, yaikulu kuposa roe, ndipo ambiri amasaka ndi uta, umene ku Britain ndi woletsedwa pa nyama zakuthengo.

Nkhani ya mnzanuyo ndiigawa pawiri, ndipo gawo loyamba lilibe ulemu. Akalozetsa mfuti kumene kuli munthu, akafuna kudumpha mpanda kapena kukwera nsanja chipolopolo chili m'mfuti, akaika chala pa chowombera asanakonzeke, kapena akafuna kuwombera nyama imene yaima pamwamba pa chitunda kumbuyo kwake kuli thambo, mumuletse nthawi yomweyo, mokweza, kaya pali anthu kaya palibe. Chipolopolo cha mfuti zimenezi chimatha kuyenda makilomita oposa atatu, ndipo chimene chimachiimitsa ndi nthaka yofewa yooneka ndi maso kumbuyo kwa nyama. Mitengo, zitsamba ndi mdima wa nkhalango sizigwira chipolopolo, ndipo kuno anthu amayenda paliponse m'nkhalango ndi agalu ndi njinga. Madzi, miyala ndi nthaka youma ndi chisanu zimachinjanjitsa n'kuchitumiza kumene simunafune. Pa zimenezi ndi bwino mnzanu akwiye lero kusiyana ndi kuti apolisi akagogode pa khomo la munthu. Chimene chimachepetsa kukwiya ndi kugwirizana pasadakhale, muli kunyumba mukumwa tiyi, kuti aliyense wa inu awiri ali ndi ufulu wokuwa kuti leka, ndipo winayo amaleka kaye n'kufunsa pambuyo. Mumuuze kuti lamulolo likugwiranso kwa inu, ndipo tsiku limene adzakukuwirani mudzaleke osatsutsa, ngakhale mukuona kuti walakwitsa.

Pafupi ndi zimenezi pali kuzindikira nyama asanawombere, kumene kumafunanso kuti mulankhule mfuti isanalire. Apa ndi pamene nyanga zija zikubwerera. Roe yaimuna imataya nyanga cha mu Novembala ndi Disembala, nyengo yomweyo imene anthu akusaka zazikazi, kotero mlenje watsopano akaona mutu wopanda nyanga amangoti ndi yaikazi. Chosiyanitsa chili kumbuyo, pa banga loyera la pamatako: la yaikazi limakhala ndi kamchira ka ubweya kolendewera pansi, pamene la yaimuna lilibe ndipo limaoneka ngati impso. Ku England kulakwitsa kumeneku ndi mlandu, popeza nyengo ya roe yaimuna imatha pa 31 Okutobala, ndipo ngakhale ku Scotland mwini malo amakhala ndi chiwerengero cha zimene akufuna zichotsedwe. Mumuphunzitsenso kuyang'ana ana. Roe imabereka mu Meyi ndi Juni, kawirikawiri mapasa, ndipo anawo amayendabe ndi mayi wawo m'nyengo yozizira yoyamba, kotero ngati banja lonse liyenera kuchotsedwa timayamba ndi ana, kuopa kuwasiya amasiye mayi atagwa iwo n'kuthawa. Munthu amaphunzira zimenezi msanga mukamatuluka naye wopanda mfuti, ali ndi magalasi oonera patali okha, inu mukumufunsa nyama iliyonse kuti ndi yotani ndipo waidziwira chiyani.

Gawo lachiwiri ndi zolakwa zina zonse, monga kuyenda mphepo ili kumsana, kufulumira poyenda, kugwedezeka nyama itadzutsa mutu, kumenyetsa chitseko cha galimoto, kapena kuphonya kumene. Izi zimadikira. Pamene nyama yovulala isanapezeke musaphunzitse chilichonse, chifukwa munthu amene manja akunjenjemera samva, ndipo maganizo onse akufunika pa kufufuza. Mukamabwerera muli awiri, yambani ndi kumufunsa kuti iye waona chiyani, pakuti nthawi zambiri amatchula yekha cholakwacho, ndipo chimene munthu wadzitchulira sachikana mawa. Sankhani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, chimene chikumutayitsa kwambiri, zina muzisunge, chifukwa mukamuthira zisanu nthawi imodzi chimene amamva ndi chakuti sayenera kugwira mfuti. Lankhulani za chochitikacho, kuti mphepo inatembenuka pamene tinadutsa pa dambo paja, m'malo monena kuti iwe susamala. Ndipo muli ndi chida chimene ine ndilibe pa mnzanuyo, chomwe ndi nkhani yanu ya mu Novembala. Musimbireni yonse, ndi kuthamanga komwe, ndi nyama yowonongeka yomwe, iye asanalase yake yoyamba. Chifukwa chake ndimalimbikira za kufatsa pa gawo ili si ulemu wokha. Mlenje watsopano amene wachititsidwa manyazi chifukwa chovomera kuti walasa moipa amaphunzira kuti kuvomera n'kodula, ndipo tsiku lina akadzalasa ali yekha adzangoti ndaphonya, n'kupita kwawo, nyama ikutsala m'tchire ndi bala. Pa chifukwa chomwechi, mawu akuti ndaphonya musamawalandire musanapite kukaona pamene inaima nyama, kaya anena ndi iye kaya ndi inu, pakuti nyama zambiri zimene zimaoneka ngati zapulumuka zimapezeka zitafa chapafupi.

Za kutumbula, kumene alenje a kuno amati gralloch, sindichulukitsa mawu, chifukwa zimaphunzitsidwa ndi manja. Woyamba kumene amaboola chifu ndi nsonga ya mpeni, amaiwala kumanga kum'mero, amakoka nyama m'matope, kapena amaisiya m'galimoto yotentha pamene ikufunika kuzizira msanga kufika madigiri 7 kapena kutsikirapo. Gwirani mpeni muonetse kamodzi, ulendo wotsatira mumupatse iye inu mutagwira miyendo, ndipo mumuzoloweze kuyang'ana mapapo, chiwindi ndi zotupa za m'matumbo, popeza matenda monga TB ya ng'ombe amapezeka mwa nyamazi ndipo akakayikiridwa amayenera kunenedwa kwa a boma oona za ziweto.

Kwa mkulu uja, imbani foni sabata ino nyengo ya zazikazi isanathe. Musayambe ndi mmene mawu ake anakupwetekerani, ngakhale mungadzanene tsiku lina muli awiri, ndipo muli ndi ufulu womupempha kuti akakhala ndi chokudzudzulani azikutengerani pambali. Yambani ndi kumuuza kuti mwamvetsa kuti simunayenera kuchoka pa nsanja, kuti mfuti mwakaiyesa pa chandamale ndipo mwapeza zakutizakuti, kenaka mumupemphe kuti maulendo awiri kapena atatu otsatira akhale pambali panu pa nsanja imodzi, ndi kuti tsiku limene wa galu adzaitanidwenso, ngakhale ndi mlenje wina, akudziwitseni kuti mukayende kumbuyo kwa galuyo n'kuona mmene njira ya nyama yovulala imawerengedwera. Ngati munali musanamuthokoze wa galu uja kapena kumubwezera za mafuta a galimoto, funsani nambala yake pa foni yomweyo.